Tisanayambe sewero la nkhani zowawa, tiyambe tagwirizana

Chaka ndi chaka, msika wa fodya wa Chinkhoma ukangotsegulidwa, makalabu a achinyamata kuno ku Kasungu sakhala pansi. Ndalama zimayamba kuyenda, malo omwera mowa amadzaza kuyambira pa boma mpaka ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya, ndipo mafumu, aphunzitsi ndi ife alangizi a zaumoyo timayamba kuitana magulu a zisudzo kuti adzathandize kufalitsa uthenga wa Edzi. Nkhani za m'masewerowo tonse timazidziwa: tenanti amene wagwira ntchito chaka chonse n'kutuluka ndi ngongole, mtsikana amene wabweretsedwa kudzagulitsa mowa m'bala, bambo amene wapha makwacha ku okushoni n'kuiwala kwawo, chidyamakanda chodikirira ana a sukulu panjira.

Atsogoleri a makalabu amatifunsa kawirikawiri ngati nkhani za ukapolo, uhule ndi kugonana n'zoyenera kuziika m'sewero pamaso pa makolo ndi mafumu. Yankho lathu ndi lakuti inde. Kachilombo ka HIV kamayenda m'njira zomwezi, ndipo sewero lozemba nkhanizi silingapulumutse munthu. Koma mpeni umene umasenda chinangwa ndi womwewo umacheka chala. Sewero lokonzedwa mosasamala limachititsa manyazi munthu yemwe timafuna kumuthandiza, ndipo nthawi zina limavulaza wosewera amene. N'chifukwa chake tikupempha kalabu iliyonse kuti isanagawane mbali, iyambe yakhala pansi n'kugwirizana zomwe ionetse, zomwe isaonetse, ndi momwe wina angaimitsire sewerolo ngati lamufika pamtima.

Amene tikumusewerayo wakhala pagulu pomwepo

Zisudzo zophunzitsa sizinayambe lero m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1980 gulu la zisudzo la ku Chancellor College, pamodzi ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera, linkapita m'midzi ya ku Liwonde kukachita masewero a zaumoyo. Eni mudzi sankangoonera ayi, ankayankha, kutsutsa ndi kulowa nawo m'bwalo. Katswiri wa zisudzo wa ku Brazil, Augusto Boal, anayambitsa njira yoti woonera aimitse sewero, alowe m'malo mwa munthu amene akuzunzikayo, n'kuyesa njira ina yothetsera vutolo. Makalabu a Edzi Toto m'sukulu zathu, ndi masewero a pa wailesi monga Zimachitika ndi Tikuferanji, anazoloweretsa Amalawi kumva nkhani za Edzi kudzera m'zisudzo.

Phunziro lalikulu pa zonsezi ndi lakuti oonera si alendo pa nkhani yomwe ikuseweredwa. Tikamasewera tenanti pa bwalo la sukulu, mwana wa tenanti wakhala kutsogolo pomwepo. Tikamasewera mayi woyendayenda, mng'ono wake ali m'gulu la atsikana akuimba nawo nyimbo yotsegulira. Tikamasewera munthu wodwala, wina m'kalabu mwathu momwemo wamwa ma ARV m'mawa womwewo osauza aliyense. Kafukufuku amene boma linachita m'dziko lonse mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa anthu 100 aliwonse a zaka 15 kupita mtsogolo ali ndi kachilombo ka HIV. Choncho pamsonkhano wa anthu mazana awiri, nkhani ya kachilombo si ya munthu wakutali.

Funso loyamba pokonza sewero likhale ili: mwini nkhaniyi akationera, adzaona kuti tamumvetsa, kapena adzaona kuti tamuika pa mbalambanda kuti anthu amuseke?

Ukapolo si nthabwala

Mawu akuti kapolo timawatchula mosavuta pocheza, koma dera lathu lino linawaona akapolo enieni. M'zaka za m'ma 1800 amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo ankadutsa kuno kulowera ku Nkhotakota, kumene a Jumbe ankawawolotsa nyanja m'ngalawa pa ulendo wopita ku Kilwa. Ku Karonga malondawa anatha Mlozi atagonjetsedwa ndi kunyongedwa mu 1895. Pambuyo pake kunabwera thangata m'minda ya azungu kumwera, yomwe inali imodzi mwa zinthu zomwe zinamuwawa John Chilembwe mpaka kuukira mu 1915.

Utenanti wa m'minda ya fodya ndi umene ife tinakula tikuuona. Banja limatengedwa pa lole kuchokera ku Phalombe, Mulanje, Machinga kapena Mangochi, atalonjezedwa ndalama zambiri fodya akagulitsidwa. Chaka chonse limalandira phoso, feteleza ndi makasu pa ngongole. Kuyambira ku nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, mpaka kupachika m'zigafa, bambo, mayi ndi ana onse ali m'munda. Powerengera, bwana amachotsa ngongole zonse, ndipo nthawi zambiri zotsala sizikwana ndi ya basi yomwe yobwerera kumudzi. Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti lochokera kwa ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba, lomwe linati mwana wothyola fodya pa tsiku lachinyezi angathe kulowetsa m'thupi kudzera pakhungu poizoni wa fodya wofanana ndi wa ndudu 50.

Mu 2015 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Koma lamulo likasintha ku Lilongwe, moyo wa m'chigafa susintha tsiku lomwelo. Alipo mabanja amene akugwirabe ntchito podikira malipiro a kumapeto kwa nyengo.

Nkhaniyi ikukhudzana bwanji ndi Edzi? Njala ikalowa m'nyumba ya tenanti m'mwezi wa Januwale, amene amapita kukapempha ndowa ya chimanga kwa kapitawo nthawi zambiri ndi mayi kapena mwana wamkazi. Pamenepo m'pomwe munthu amauzidwa kuti chimanga chilipo, koma abwere madzulo. Munthu wanjala, wangongole, amene kwawo n'kutali, sangathe kukana, ndipo sangathe kunena za kondomu.

Sewero labwino limaonetsa momwe msamphawu umatcheredwera. Tisamangoonetsa tenanti wovala nsanza, wolankhula Chilomwe kapena Chiyao chopotoza kuti anthu aseke. Tionetse tsiku lomwe analonjezedwa, tsiku lomwe ngongole inalembedwa m'buku lomwe iye sanalionepo, ndi tsiku lomwe anafuna kuchoka koma analibe polowera. Ndipo pogawana mbali, tisamuuze mnzathu wochokera m'banja la matenanti kuti iweyo ndiye ukhale tenanti poti umazidziwa. Akafuna yekha, chabwino. Akakana, tisafunse chifukwa.

Mayi woyendayenda nayenso ndi munthu

M'masewero ambiri mtsikana wa m'bala amalowa m'bwalo akudzithyola, wadzola mlomo wofiira, anthu n'kuyamba mluzu. Pakutha pa sewero wagona pa mphasa akutsokomola, ndipo wina akulengeza kuti malipiro a uhule ndi imfa. Anthu amaseka, amaomba m'manja, n'kumapita. Koma taphunzitsa chiyani? Taphunzitsa kuti Edzi imabwera ndi akazi oipa, ndipo bambo amene anapita yekha kubalako ndi ndalama za fodya watuluka wopanda mlandu. Taphunzitsanso mtsikana wa m'bala amene amaonera ali chapatali kuti akapita kuchipatala akasekedwa chimodzimodzi.

Malamulo a dziko lino samuona mayiyu ngati chinthu chotaya. Mu 2009 apolisi ku Mwanza anamanga amayi oganiziridwa kuti ndi oyendayenda, n'kuwayezetsa magazi mokakamiza, ndipo zotsatira zake zinawerengedwa pagulu m'khoti. Amayi 11 anakadandaula, ndipo mu 2015 khoti lalikulu ku Blantyre linagamula kuti zimenezi zinaphwanya ufulu wawo. Mu 2016 amayi 19 anamangidwa ku Dedza pa mlandu wodya ndalama za uhule, koma khoti lalikulu ku Zomba linathetsa chigamulocho, ponena kuti gawo la lamulolo linaikidwa pofuna kulanga anthu odyera masuku pamutu amayiwa, osati amayiwo. Bungwe la Theatre for a Change, lomwe linayamba ntchito m'Malawi mu 2007, linathandiza amayi oyendayenda ku Lilongwe kusewera okha nkhani za moyo wawo pamaso pa anthu, m'malo moti ena aziwasewera mowanyoza.

Pokonza mbali ya mayiyu, mupatseni dzina, kwawo ndi chifukwa. Kodi ali ndi ana angati? Anafika bwanji pa malo ano? Ndani amalandira ndalama ya chipinda? Kasitomala akamuonjezera ndalama kuti asagwiritse ntchito kondomu, pamene mwana wake wabwezedwa kusukulu, amaganiza chiyani? Mafunso amenewa ndi amene amautsa zokambirana zenizeni sewero likatha.

Tisiyanitsenso zinthu ziwiri. Mayi wamkulu amene akuchita ntchitoyi ndi nkhani ina. Mtsikana wa zaka 15 amene watengedwa kumudzi ponamizidwa kuti akagwira ntchito ya m'nyumba, n'kupezeka akugonedwa m'chipinda kuseri kwa bala, ameneyo ndi mwana wogulitsidwa. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. M'sewero tisamutche hule. Amene anamutenga, mwini bala ndi amene akugona naye ndiwo ali ndi mlandu, ndipo sewero linene zimenezo mosapita m'mbali.

Zina pabwalo, zina kuseri kwa chinsalu

Vuto la momwe tingaonetsere zogonana ndi nkhanza si lathu lokha. M'maiko ena muli anthu ambiri amene amasewera masewero opeka nkhani pamodzi, aliyense atatenga mbali ya munthu wina, ena atakhala patebulo, ena polemberana pa intaneti. Nawonso anaona kuti nkhani ikalowa ku ukapolo kapena kugwiririra, wina amasangalala pamene mnzake akuvutika mumtima. Mu 2003 mlembi wa masewero otere, Ron Edwards, anafotokoza njira yosavuta: pali zinthu zomwe gulu limazilembera mzere kuti sizilowa n'komwe m'nkhani, ndipo pali zina zomwe zimachitika m'nkhani koma kuseri kwa chinsalu. Wina, John Stavropoulos, anabweretsa kakhadi kolembedwa X, komwe aliyense angathe kukagwira kuti nkhani isinthe, popanda kufunsidwa chifukwa.

Nzeru imeneyi ife si yachilendo. Makolo athu ankadziwa kuti za kuchinamwali sizinenedwa pa bwalo la milandu. Tiyeni tiigwiritse ntchito motere.

Choyamba, lembani mzere. Palibe kuvula, palibe kugwirana mabere kapena matako, palibe kugwetserana pansi poonetsa kugwiririra. Mwana wosakwana zaka 18 asapatsidwe mbali yoti azinyengerera kapena kunyengereredwa mogwiranagwirana. Palibe kutchula dzina la munthu weniweni, esiteti yeniyeni kapena bala lenileni, ngakhale aliyense akudziwa zomwe zimachitika kumeneko. Nkhani yeniyeni njira yake ndi kupolisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, osati pa bwalo la zisudzo.

Chachiwiri, gwiritsani ntchito chinsalu. Kapitawo atseke chitseko, ng'oma ilire, kenako tione mayi uja akutuluka ndi ndowa ya chimanga osayang'ana munthu kumaso. Oonera amva zonse, ndipo palibe amene aseke. Zoonetsa poyera ndi zomwe zimautsa phokoso ndi mluzu, uthenga n'kutayika.

Chachitatu, gwirizanani mawu oimitsira. Angathe kukhala mawu wamba ngati akuti "tipume". Wina akawanena pa nthawi yokonzekera, onse aime. Asafunsidwe kuti vuto n'chiyani, asanenedwe kuti ndi wachibwana. Mwina zomwe zikuseweredwazo zinamuchitikira, ndipo sakakamizidwa kuulula pagulu. Amene avomera mbali lero ali ndi ufulu woikana mawa.

Pali mbali inanso yomwe imalowetsedwa m'masewero pongofuna kuseketsa: mnyamata woyenda ndi kulankhula ngati mtsikana, amene onse amamuthamangitsa. Tikudziwa kuti maganizo a anthu pa nkhani ya amuna ogonana ndi amuna anzawo ndi olimba, ndipo mu 2024 khoti linagamula kuti malamulo oletsa mchitidwewu akhalebe. Koma ndondomeko ya boma yolimbana ndi Edzi imawatchula anthuwa pakati pa magulu ofunika kuwafikira ndi thandizo, ndipo kuchipatala ntchito yathu ndi kuyeza ndi kupereka mankhwala kwa aliyense. Munthu amene wasekedwa pabwalo sabwera kudzayezetsa, ndipo kachilombo sikasiya kufala chifukwa chakuti anthu aseka.

Sewero likalowa mu foni

Masiku ano makalabu ambiri ali ndi magulu a WhatsApp momwe amakonzeramo masewero. Wina amalemba mawu a bwana, wina amayankha ngati tenanti, wina ngati mtsikana wa m'bala, nkhani n'kumakula mpaka usiku. Izi n'zabwino, chifukwa ngakhale amanyazi amene salankhula pagulu amapeza mpata. Koma pa foni pali zoopsa zomwe pabwalo palibe.

Mawu olankhula amapita ndi mphepo, koma olemba amakhala. Mtsikana amene walemba mawu a mayi woyendayenda angathe kupeza kuti wina wajambula mawuwo n'kuwatumiza kwina popanda kunena kuti linali sewero. Mawa lake mudzi wonse ukuti ndi khalidwe lake. Choncho gwirizanani kuti za m'gulu sizituluka, ndipo aliyense polemba aziyamba ndi dzina la munthu wa m'sewero.

Chachiwiri, pa foni simuona nkhope ya mnzanu. Simungadziwe kuti wakhala chete chifukwa data yatha kapena chifukwa akulira. Mawu oimitsira aja agwirenso ntchito m'gulumo, ndipo woyang'anira gulu achotse uthenga uliwonse wodumpha mzere.

Chachitatu, chenjerani ndi munthu amene amachoka pagulu n'kubwera kumbali kuti tipitirize sewero lija awiriwiri. Poyamba amalemba ngati munthu wa m'sewero, kenako amapempha chithunzi, kenako amapempha kukumana. Limenelo si sewero. Lamulo la mu 2016 loona za mauthenga a pa makina ndi pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni, ndipo limaletsa zithunzi zolaula za ana. Musatumize chithunzi chamaliseche kwa wina aliyense, ngakhale chibwenzi. Wina akakuvutitsani, sungani mauthengawo ndipo uzani mayi kapena bambo woyang'anira kalabu.

Uthenga ukhale woona

Masewero ena akuyendabe ndi uthenga wa zaka za m'ma 1990, pamene munthu akapezeka ndi kachilombo ankangodikira imfa. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo lero anthu amene akumwa mankhwala mwandondomeko akulima, akuphunzira, akukwatira ndi kubereka ana opanda kachilombo. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka tizilombo tachepa kwambiri moti sitikuoneka poyeza, sapatsira mnzake pogonana. Ngati sewero lathu likutha ndi maliro nthawi zonse, tikunamiza anthu, ndipo tikuopseza amene amafuna kukayezetsa.

Ngati m'sewero muli wogwiriridwa, sewerolo linene kuti pali mankhwala a PEP amene amateteza ku kachilombo akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa kwa mwezi umodzi. Munthu apite msanga kuchipatala, asadikire kuti akuluakulu ayambe akambirana. Ngati muli mayi woyendayenda, linene za makondomu ndi za PrEP, mankhwala omwe munthu wopanda kachilombo koma amene ali pachiopsezo amalandira kuti adziteteze. Ngati muli munthu amene waulula za mnzake, linene kuti lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kusala munthu ndi kuulula zotsatira za magazi ake popanda chilolezo. Safunsa anadya phula: musanapite pabwalo, itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adzaonere kaye.

Sewero likatha

Ng'oma yomaliza ikalira ntchito siinathe. Osewera aime pamaso pa anthu, aliyense atchule dzina lake lenileni n'kunena kuti mbali ija waivula. Zimaoneka zazing'ono, koma tikudziwa momwe maina a m'sewero amakakamirira. Mtsikana amene wasewera bwino mbali ya m'bala asamaitanidwe hule pa mjigo, ndipo mnyamata amene wasewera wodwala asamalozedwe chala pa mpira. Kalabu yonse ikhale yoyamba kumuteteza.

Kenako funsani oonera: mayi uja akanatani? Ndani akanamuthandiza? Alipo amene angalowe m'bwalo n'kutionetsa? Pomaliza nenani momveka bwino komwe thandizo likupezeka: chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, chipatala chachikulu cha pa boma, ofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi, ofesi ya zantchito, ndi nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Mlangizi kapena woyang'anira kalabu asachoke msanga. Kawirikawiri amene nkhani yamukhudza sabwera pagulu, amadikira anthu abalalike kenako n'kufika pambali.

Anthu atapita, kalabu ikhalenso pansi payokha kwa mphindi zochepa. Funsanani ngati alipo amene mbali yake yamulemera, ndi ngati pali malo omwe anthu anaseka pomwe sipanayenere kusekedwa. Malo amenewo akonzedwe sewero lisanapite kumudzi wina.

Achinyamata anzathu, mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano wanu wotsatira tengani pepala, lembani mizere yanu, zomwe zikhale kuseri kwa chinsalu ndi mawu anu oimitsira. Aliyense asaine, ndipo amene walowa kumene m'kalabu awerengeredwe asanapatsidwe mbali. Mukatero, nkhani za m'zigafa ndi za m'mabala muzisewere mopanda mantha, chifukwa anthu a kuno akufunika kuzimva.